Thabwa la misomali inayi

Lamulungu lapitali Yosefe anabwera kuchokera kwake ku Warren Park atatopa ngati munthu amene wachoka kolima dambo. Anakhala pampando umene unali wa mayi ake, tiyi namusiya kuti azizire, maso ali pafoni. Nditamufunsa chimene ankafunafuna anati, "Baba, basa landichulukira. Ndikusankha pulogalamu yoti izindikumbutsa zochita. Iyi imalira ngati belu, iyi imalemba zinthu zambiri mmene mungafunire, iyi imalola kuti anzanga akuntchito azindiikiramo zawo." Ine ndinangoti, "Yachitatuyo uisiye." Anaseka, nandifunsa kuti za foni ndazidziwira kuti. Zoona, sindizidziwa. Koma pakhoma, kumbuyo kwa mutu wake, panali thabwa lija mwakula mukuliona nonsenu, la misomali inayi, limene mayi anu ankakukanizani kupachikapo zikwama za kusukulu. Chifukwa chake sindinakuuzenipo. Pakamwa panga pamalemera, ndiye ndati ndilembe. Za ubwana wanga ku Dedza munazimva kale. Ndiyambire pamene ndinayamba ntchito.

1953

Ndinafika ku Halale chaka chimene Chitaganya chinayamba. Anandiitana ndi atsibweni anga a Jailosi, mlongo wawo wa mayi anga, amene anali atakhalitsa kuno akusankha fodya pa fakitale ina. Iwo ndiwonso anali mkulu wa sosaite ya maliro ya anthu akwathu, imene inkaonetsetsa kuti Mnyasa akamwalira kuchilendo kuno aikidwe ndi anthu odziwa mfunda wake. Ndiwo anandichingamira pa siteshoni. Ndiwo anandigoneka pamkeka pafupi ndi bedi lawo ku hositelo, ndiwo anayenda nane mpaka chitupa changa chinadindidwa, ndiwonso anandivula malaya ong'ambika nandiveka awo tsiku lokafuna ntchito. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti mukafika pa mawu amene anadzandiuza pambuyo pake musafulumire kuwaweruza.

Ntchito ndinaipeza ku Graniteside, pa kampani ina yopanga mabedi achitsulo ndi mipando ya m'masukulu. Anandilemba umesenjala chifukwa sukulu ya mishoni ndinapitako pang'ono ndipo Chingerezi ndinkachimva. Anandipatsa kabudula wa kaki ndi njinga yakuda ya dengu kutsogolo, yolemera ngati ng'ombe. Bwana woyamba tinkamutcha Kaliwo, pakuti kaliwo sankachoka pakamwa pake ngakhale atazima. Anali munthu wosathamanga. M'mawa ankandiitana nkunditchulira maulendo a tsikulo pakamwa: ku positi, ku ofesi ya katundu wa sitima, kwa wogulitsa utoto, basi. Ine ndinkawaika pa chuni cha nyimbo ya kutchalitchi nkumaimba chamumtima ndikupalasa. Ndime ikatha, ntchito yatha. Masiku amenewo mutu wokha unkakwana.

Pasanapite nthawi maoda anachuluka, popeza masukulu ndi mahositelo ankamangidwa paliponse, ndipo nyimbo yanga inayamba kundithera mpweya. Ndinayamba kumanga mfundo pampango, monga ankachitira mayi anga akamapita kumsika. Mfundo ili ndi vuto limodzi. Imakuuza kuti pali kanthu, koma siikuuza kuti ndi chiyani. Tsiku lina ndinaima pamphambano, mwendo umodzi pansi, ndikuyang'ana mfundo imene sindinkaidziwa mwini wake, mpaka wapolisi anandifunsa ngati ndadwala. Madzulo ake Kaliwo anafunsa fodya wake. Sanakwiye. Anangoti mawa mfundo yake ndimange yaikulu kuposa zinzake.

1956

Ndinapita kumudzi pa livi ndipo ndinabwera ndi mayi anu, Esinati Nambewe. Nyumba kunalibe. Tinkakhala m'chipinda cha banja lina la Achizezuru, eni dziko lino, ku lokeshoni ya Harare, imene lero mukuti Mbare, nsalu itatchinga pakati. Yosefe anabadwira kuseri kwa nsalu imeneyo, ndipo akalira mayi ake ankatuluka naye panja kuti eni nyumba asatope nafe. Dzina lathu linali pakati pa odikira nyumba ku ofesi ya lokeshoni. Lamulo la nthawi imeneyo linali lakuti nyumba imatsata ntchito. Munthu abwana ake akamusainira chitupa kuti wasiya, m'nyumba amatulukamo, mkazi ndi ana nkubwerera kumudzi. Lamulo limeneli mulisunge, pakuti nkhani yonseyi yakhala pamenepo.

Pofika chaka chimenecho ndinali nditasanduka mesenjala wa Anyasa onse. Kaliwo ankandilola kugona nayo njinga, ndipo munthu wa njinga wodziwa Chingerezi anali ngati chitsime cha pamseu. "Eliya, poti ukudutsa kutauni..." Mawu amenewa ndinawamva kuposa dzina langa. Wina akufuna kalata yake ikaponyedwe, wina akufuna ndikaone m'bale wake ku chipatala chachikulu, wina singano ya mashini, wina kuti ndikamumasulire ku ofesi ya zitupa. Kwathu munthu wamkulu akakutuma sukana. Ukhoza kuchedwa, ukhoza kuiwala, anthu amamvetsa, koma "iyayi" sumutulutsa pamaso pake. Maulendo ambiri ankachokera kwa atsibweni, a za sosaite, ndipo amenewo ndinkawaona ngati ntchito ya Mulungu. Sindinkadandaula. Ndinkangofika kunyumba nditatheratu. Machubu a njinga ankasowa m'masitolo nthawi imeneyo, ndipo langa linali ndi zigamba pamwamba pa zigamba. Loweruka lina ndikumata, mayi anu anaima pambali panga mwana ali kumbuyo. Anali munthu wa mawu ochepa, monga ine. Anati, "Abambo, njingayi ikadakhala yolankhula bwenzi itakana kale." Ndinati njinga si munthu. Anati, "Ndicho ndikunena," nalowa m'nyumba.

1958

Chaka chimenechi chinabwera ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi nyumba ino ya ku Highfield. Tsiku limene tinalandira kiyi mayi anu anayenda chipinda ndi chipinda akugwira makoma, kenaka anagwada pasimenti yopanda kanthu napemphera mokweza, chinthu chimene sindinawamvepo akuchita kuseri kwa nsalu kuja. Chachiwiri, Kaliwo anapuma ntchito ndipo m'malo mwake munabwera mzungu wachinyamata wochokera kutsidya kwa nyanja. Ameneyu tinamutcha Kamphindi, chifukwa ankayang'ana wotchi asanayang'ane munthu. Sanali woipa mtima. Anabwera kudzakonza zinthu, ndipo zambiri anazikonzadi. Ataona mpango wanga wa mfundo anaugwira ndi zala ziwiri nagwedeza mutu. M'mawa mwake anandipatsa dayale, buku la chikuto chofiira, tsamba lililonse tsiku limodzi, mzere uliwonse ola limodzi. Anandiuza m'Chingerezi, nabwereza m'Chilapalapa, chiyankhulo chosakaniza cha pantchito, kuti nditsimikize: "Chilichonse ulembe umu. Chimene sichili umu, kulibe."

Ndinanyadira, ndisaname. Ndinkayenda nayo m'dengu itakulungidwa m'nyuzipepala, ndipo ndikafika kunyumba ndinkaiika patebulo pambali pa Baibulo, ili yotsegula. Kamphindi dayale yake inkamuthandiza bwino, pakuti iye anakula akudziwa kuti mzere wopanda kanthu ndi wa mwini buku. Ine ndinakula mwina. Ku sukulu ya mishoni mapepala ankasowa, ndipo aphunzitsi ankatikwapula m'manja tikasiya mzere wosalembapo. Choncho ndikaona mzere woyera m'dayale mtima unkandiuza kuti ndikuononga pepala la kampani, ndiponso kuti ndine waulesi. Makalaliki atazindikira zimenezi anayamba kundiitana: "Eliya, bwera nalo buku lako, pa thu koloko uli ndi chiyani?" Ndikati palibe, ankalembapo okha.

Kunyumba ndiye kunaposa. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi anthu akwathu ankabwera kudzaona nyumba yatsopano, ndipo dayale ili patebulo. Atsibweni kuwerenga sankadziwa, koma poyera ankapadziwa. Ankatsegula tsamba ndi chala chonyowa, nkuloza.

"Apa palembedwa chiyani, mphwanga?"

"Palibe, atsibweni."

"Ndiye lembapo. Kwa a Filipo, ukawauze kuti matabwa afika."

A Filipo anali kalipentala wa sosaite yathu, munthu wa ku Ntcheu wosakwatira, amene ankakhoma mabokosi a maliro a Anyasa onse a mbali ino, nthawi zina usiku wonse, osafunsa kuti womwalirayo ndi wa mpingo uti. Ndinalembapo. Amene anali pambuyo pa atsibweni anaona kuti zatheka, nawonso analoza pawo. Pofika madzulo sabata yonse inali yakuda ndi inki, ine ndisanapalase ngakhale kamodzi.

Chimene dayale sinkadziwa ndi mseu. Papepala mzere wa teni koloko ndi wa leveni koloko imagundana ngati mapasa. Pansi pano pakati pake pali mtunda, pali chitunda, pali mphepo ya Ogasiti yokubweza m'mbuyo, pali chubu lophulika, pali mzere wa anthu pawindo ndi kalaliki amene wapita kukamwa tiyi. Ndinayamba kuchedwa. Kale ndikaiwala chinthu chinkangoiwalika, koma tsopano chilichonse chimene sindinachite chinali cholembedwa ndi dzanja langa, chikundiyang'ana. Chakudya chamasana ndinasiya kudya. M'tchalitchi ndinkagona pa ulaliki, ine amene ndinali wamng'ono kuposa onse mwa akulu a mpingo.

1959

Kamphindi anandichenjeza kawiri mwaulemu. Kachitatu anatseka chitseko cha ofesi. Anati, "Eliya, buku ndinakupatsa, njinga uli nayo. Ukachedwetsanso pepala la kampani, ndisaina chitupa chako." Ananenanso za maliro, pakuti ndinali nditapempha kangapo kuti ndikaike anthu. Anandifunsa ngati Mnyasa aliyense ndi m'bale wanga. Ndinati inde. Anaganiza kuti ndikumuseka. Anati kuyambira tsiku limenelo adzandilola pa maliro a kholo, mkazi, mwana, kapena munthu wa m'nyumba mwanga, kupitirira apo ayi. Nthawi imeneyo mayi anu anali ndi pakati pa Rute, patatsala pang'ono.

Ndinatuluka nkukakhala m'sitolo ya zipangizo, kwa Che Amidu. Ameneyu anali Myao wachisilamu wokhala ku lokeshoni ya Harare, wamkulu kwa ine, wosunga makiyi ndi masipanala a fakitale yonse. Ndinamuonetsa dayale. Anaitembenuza uku ndi uku nati, "Achimwene, nyumba iyi ndi yabwino, koma ilibe chitseko. Aliyense akungolowa." Ndinamufunsa kuti iye amatani. Anati, "Ine tsiku langa anandidulira kale Mulungu ndi mapemphero. Pakati pa pemphero ndi pemphero pamalowa zochepa. Munthu akabwera ndi chake ndimati tionana tikaswali, ndipo palibe amene amakangana ndi Mulungu." Ndinati njira imeneyo ndi yake, ine sindingabwereke mapemphero a eni kuti ndibisaliremo. Anaseka nati, "Ndiye bwerekani msomali." Anandilozera khoma lake. Kiyi aliyense anali ndi msomali wake, ndipo msomali wokhala ndi kiyi sunkalandira wina.

Madzulo amenewo ndinaika zinthu zitatu patebulo pamaso pa mayi anu: mpango wa mfundo, dayale, ndi kathabwa ka kreti kamene Che Amidu anandipatsa. Ndinawauza zonse, ndi za chitupa zomwe. Anaika dzanja pamimba. Kenaka anati, "Mpango munautaya chifukwa sulankhula. Bukuli limalankhula, koma limavomera aliyense. Tiyeni titenge chimene chimadzaza." Ndinakhoma misomali inayi. Woyamba wa m'mawa, wachiwiri wa dzuwa lisanafike pamutu, wachitatu wa titadya, wachinayi wa tikaweruka. Msomali umodzi, ulendo umodzi. Itatu yoyamba inali ya kampani. Ndinapempha Kamphindi kuti azindiuza maulendo a mawa ndisanaweruke, ndipo anavomera mosavuta. Ndinkawalemba pa tizidutswa ta katoni nkudzapachika kunyumba. Dayale inatsala m'dengu, yosainitsa anthu polandira mapepala. Msomali wachinayi unali wa anthu, munthu mmodzi pa tsiku. Mayi anu anang'amba kansalu pa chitenje chawo chakale nati, "Tsiku limene mudzapeza aka pa wachinayi, mudziwe kuti munthu wa tsikulo ndine."

Zinayenda. Ndinasiya kuchedwa, ndinayambanso kudya masana. Anthu akabwera ndinkangowalozera thabwa nkuwauza tsiku limene wachinayi udzakhale wopanda kanthu. Ena ankadikira, ena ankang'ung'udza kuti Eliya wasanduka mzungu. Ndinkadziuza kuti sindikukana munthu, likukana ndi thabwa.

Lachinayi lina dzuwa lisanalowe atsibweni anafika chipewa chili m'manja. Ndinadziwiratu.

"Mphwanga, a Filipo atisiya. Ku chipatala chachikulu, lero masana."

Tinakhala pansi, tinapemphera. Kenaka anayamba kundiyalira ntchito monga mwa nthawi zonse. Mapepala a maliro anali a maofesi atatu, chipatala, kolembetsa imfa, ndi kwa oyang'anira manda, ndipo onse ankayenera kutha Lachisanu. Akatha Lachisanu, munthu ankaikidwa Loweruka masana anthu onse ataweruka. Akapanda kutha, maliro ankagwa tsiku la ntchito, amuna onse ali kuntchito. Kwa munthu wa njinga ndi Chingerezi inali ntchito ya tsiku limodzi. Kwa woyenda pansi sizinkatheka kawirikawiri.

Ndinayang'ana thabwa. Misomali itatu yonse inali ndi mapepala a ngolo ya sitima. Ngolo zinkasowa chaka chimenecho, kampani inali itadikira nthawi yaitali, ndipo mabedi anali ataunjikana mpaka kudenga. Kamphindi anali atandiuza maso ndi maso kuti Lachisanu limenelo ndisapatuke ngakhale kukamwa madzi. Mayi anu anali ataima pakhomo la kukhitchini, Yosefe atagwira chitenje chawo.

"Atsibweni, mawa sinditha."

Anatembenuza khutu ngati sanamve. "Wati bwanji?"

"Sinditha. Ndikaweruka ndibwera. Ndichezera pamaliro, ndikumba manda, chilichonse mungandiuze. Koma masana a mawa ndi a kampani. Ndikapatuka, nyumba ino yapita."

"Ukaweruka maofesi atatseka? Ukamasulira zitseko?"

Anaimirira napita pathabwa. Anagwira kakatoni koyamba. "Ichi ndi chiyani?"

"Mabedi, atsibweni."

"Ichi?"

"Mabedi omwewo."

"Mabedi," anatero pang'onopang'ono. "Munthu amene wakhomera bokosi Mnyasa aliyense wagona pasimenti, iwe ukuti mabedi."

Mayi anu analowererapo. "Apongozi, ndipita nanu ndine."

"Inu mayi, ndi mimba imeneyo? Chingerezi mwachiphunzira liti?" Kenaka anandiyang'ana ine. Sanakweze mawu, ndipo bwenzi zili bwino akadakweza. "Ndinakuvula sanza pa hositelo paja, ndimati ndikuveka munthu. Chabwino. Tsiku lako likadzafika, idzakuike misomali yakoyi." Anavala chipewa ali m'nyumba momwemo natuluka.

Pamenepo ndinazindikira kuti thabwa silikana munthu. Linali chete pakhoma. Amene anatulutsa mawu aja ndinali ine.

Lachisanu ndinachita maulendo anga onse atatu. Mseu wa ku ofesi ya sitima unkadutsa pafupi ndi mphambano ya ku chipatala, ndipo ndinadutsapo kangapo, kupita ndi kubwera, mutu nditawerama. Mayi anu anapitadi ndi atsibweni, wapansi. Anawatumiza windo ili ndi windo ilo, pena anaima pamzere wolakwika osadziwa, ndipo pamene ankafika ku ofesi yomaliza anapeza atatseka. Mayi anu anabwera mapazi atatupa, anangopempha madzi otentha. Mabedi anakwera ngolo. Kamphindi anandiuza kuti ndachita bwino.

A Filipo anaikidwa Lolemba m'mawa. Anawaperekeza ndi amayi, nkhalamba zingapo, ndi anthu ochepa amene analibe ntchito. Bokosi lawo anakhoma anthu osadziwa, ndipo ndinamva kuti chivundikiro sichinakhale bwino. Ine ndinali kuntchito. Loweruka ndi Lamulungu ndinachezera pamaliro monga ndinalonjeza, koma pabenchi ya amuna palibe amene anandisendera, ndipo ndinakhala pansi pafupi ndi nkhuni. Mu sosaite sanandichotse. Anangosiya kundituma. Atsibweni sanapondenso pakhomo pano, ndipo tikakumana kutchalitchi ankandipatsa moni ngati mlendo: "Muli bwanji, bambo Banda?" Mwezi wotsatira Rute anabadwa, ndipo mayi anu anabwera naye kuchokera ku kiliniki kudzalowa m'nyumba ya makolo ake, yokhala ndi chitseko.

Nkhaniyi ndaipempherera zaka zambiri. Sindinganene kuti ndinalakwa, sindinganenenso kuti ndinalungama. Ndinaisiya kwa Iye amene amaona mbali zonse.

1963

Chitaganya chikutha, mafakitale ambiri anachepetsa anthu, ndipo oyamba kuchotsedwa anali okalamba ndi odwala. Atsibweni anali zonse ziwiri. Fumbi la fodya linali litawalowa m'chifuwa. Bedi la ku hositelo nalonso linkatsata ntchito. Anzawo ambiri anakwera sitima kubwerera ku Nyasalande, koma iwo anali atatchona. Akazi awo kumudzi anali atakwatiwa ndi wina kalekale, mayi anga anali atamwalira, ndipo analibe khomo loti akagogode. Mayi anu anamva kumsika kuti akugona pakhonde la mnzawo. Sanandifunse. Ndikuchokera kuntchito ndinawaona akubwera mumseu uno, sutikesi ili pamutu, atsibweni akutsatira m'mbuyo, akuimaima kuti atsokomole. Ndinakawalembetsa ku ofesi ya lokeshoni ngati munthu wa m'nyumba mwanga. Tinawayalira pabalaza, ndipo malo okhawo amene bedi linkakwana anali pansi pa thabwa.

Za a Filipo palibe amene anatchula. Ankadya, ankathokoza mayi anu, ankasewera ndi Rute, koma ine ndinali bambo Banda. Sananditume kanthu, ngakhale fodya wa m'mphuno. Ndikuuzeni, ana anga, kusatumidwa kumeneko kunanditopetsa kuposa maulendo onse a zaka zija. Koma ndinkaona kuti madzulo aliwonse ndikamapachika tizikatoni tanga, maso awo ankatsatira dzanja langa.

Lachisanu lina madzulo mayi anu anali atamanga kansalu kawo pa msomali wachinayi, chifukwa ankafuna kuti Loweruka ndikonze khola la nkhuku. Ndili kukhitchini ndinamva atsibweni akufunsa motsitsa, "Mayi, wachinayiwu mawa uli ndi mwini?" Ndinasuzumira. Mayi anu anapukuta manja, anamasula kansalu kaja nakaika m'thumba. "Ulibe, apongozi." Atsibweni anadzuka movutika. Kulemba sankadziwa, ndiye anapachikapo chipewa chawo.

Loweruka nditaweruka ndinawapeza atavala jekete. Anati, "Mphwanga, unditengere kumanda. Iwe sudziwa pamene tinaika a Filipo." Ndinawakweza panjinga. Munthu amene anandinyamulira katundu pa siteshoni anali wopepuka kuposa mapepala a kampani. Mandawo anali kumapeto, opanda mtanda, udzu utamera. Ndinazula udzu ndi manja, iwo atakhala pamwala akupuma. Nditamaliza anati, "Ukadapita tsiku lija, bwenzi ine lero ndikugona kuti?" Anatsokomola nthawi yaitali, kenaka anati, "Komabe munthu uyu anaikidwa ngati alibe anthu." Ndinati, "Inde, atsibweni." Anati, "Zonse ziwiri ndi zoona. Tiye, kukuzizira."

Anamwalira m'nyumba muno chaka chotsatira. Popeza anali munthu wa m'nyumba mwanga, Kamphindi anandipatsa tsiku lonse la Lachisanu, ndi njinga yomwe. Mapepala anatha dzuwa likadali pamutu. Anaikidwa Loweruka masana, anthu atadzaza mpaka kumseu.

Za mabwana amene anabwera pambuyo pa Kamphindi, ndi za zaka zimene ndinali kapitawo wa zotumiza katundu, zilibe zambiri zokhudza thabwali, kupatula kuti silinachoke pakhoma. Yosefe, pa mapulogalamu ako aja sankha imene imadzaza. Koma usaganize kuti idzakukanira anthu. Tsiku limene idzadzaze padzakhala munthu ataima pakhomo, chipewa chili m'manja, ndipo foni idzakhala chete ngati thabwa.

Misomali itatu yoyamba yachita dzimbiri, ilibe ntchito chipumire changa. Pa wachinayi pali kansalu kamene mukaona. Mayi anu anakamanga m'mawa wa tsiku limene tinapita nawo ku chipatala ulendo womaliza, chifukwa ankafuna kuti tikabwerako madzulo ndisapite ku msonkhano wa akulu a mpingo. Rute akabwera kuchokera ku Glen Norah kudzandisesera amafuna kukachotsa, akuti kasuluka ndipo kakusunga fumbi. Musakachotse. Msomali umenewo uli ndi mwini wake.